Akaunti ya Kangaude

Mulipo anzanga? Eya, inu nomwe mukuwerenga izi pa wayifayi ya kuntchito, nkhope mwaiumitsa ngati mukuyankha kasitomala. Ndakuonani. Kokani mpando. Ndikudziwa kuti munazolowera zoti ine ndikatsegula pakamwa wina afa ndi phwete, koma lero mano ndabisa. Mtima ukuwira. Imvani zimene zinamuonekera mlamu wanga, kenako mundiuze ngati anthu ena pachifuwapa ali ndi mtima kapena njerwa yootcha.

Mlamu wangayu ndi wa makompyuta. Ofesi alibe, ofesi yake ndi chikwama. Amayendera timabizinesi ting'onoting'ono: ku famase intaneti yakana, ku saluni kamera yagona, kwa aloya pulintala yameza pepala. Anthu amamutchula kuti Thimitsani, chifukwa ukamuimbira foni, usanamalize n'komwe kudandaula, iye wayankha kale: "Thimitsani, muyatsenso." Ngakhale mchemwali wanga, mkazi wake weniweni, m'foni anamusunga ndi dzina lomwelo.

Tsiku limenelo anaitanidwa koyamba ku shopu ina yosindikiza makadi aukwati, zikwangwani ndi matisheti. Makompyuta angapo kutsogolo, chipulintala chachikulu pakona, ndiye kumbuyo kachipinda kosungiramo mopu, ketulo ndi seva. Seva, kwa inu amene mumangodziwa kudina, ndi kompyuta imene imasunga zinthu za onse. Ikadwala imeneyo, shopu yonse yagona. Mmenemo munali foda ya ntchito za makasitomala, zojambula za zaka ndi zaka. Lolemba m'mawa foda ija, kulibe. Yafufutidwa. Pakhomo makasitomala ali piringupiringu, wina ukwati wake uli Loweruka lomwelo, makadi sanatuluke.

Bwana wa pamenepo, mimba patsogolo, makiyi a galimoto akuzungulira pachala, sanachulutse gaga m'diwa.

"Mafayilowo mubweze. Koma chachikulu ndikufuna dzina. Kompyuta sinama, eti? Mundipezere amene wafufuta, mawa m'mawa mudzamutchule pamaso pa onse. Ameneyo ndimuonetsa msana wa njira."

Akunena zimenezo maso ali pa mayi wa pakauntala, amene amalandira makasitomala. Mayi wofatsa, magalasi omata ndi selotepi mbali imodzi. Iwo anangowerama n'kumakonza mapepala okonzakonza kale.

Bwana anapita. Antchito anaweruka. Mlamu anatsala ndi mlonda panja, udzudzu mkati. Mwamwayi mafayilo anawapeza pa kadisiki kakale kobisika kuseri kwa ketulo, kamene kamakopera zonse kokha anthu akagona. Amene anakaika pamenepo anali ndi mutu. Kubweza mafayilo kumachedwa, ndiye podikira anati aone kuti seva ikuti wafufuta ndani.

Dzina linali limodzi: Kangaude.

Wasindikiza ndani? Kangaude. Watumiza imelo ndani? Kangaude. Wafufuta foda Lamulungu masana, shopu ili yotseka? Kangaude. Mlamu anatembenuza kiyibodi imodzi, pansi pake kapepala komata: Kangaude, pasiwedi pompo. Anatembenuza ina, chimodzimodzi. Shopu yonse kulowera akaunti imodzi! Anzanga, zili ngati nyumba yonse kutsukira mkamwa mswachi umodzi, kenako muzifunsana kuti wabweretsa chimfine ndani.

Anaimbira bwana.

"Bwana, seva ikuti Kangaude. Koma dzina limeneli mumalowera nonse, ndiye silikutiuza kanthu."

"Kangaude? Basi, nkhani yatha! Ameneyo ndi mwamuna wa mayi wa pakauntala uja. Ndi amene anatimangira mawaya onsewo, n'chifukwa chake tinamupatsa dzinalo. Ndiye akaunti ya mwamuna wake angaidziwe bwino ndani kuposa mkazi wake? Mawa inu mungotchula dzinalo, zina ndimaliza ndekha."

"Koma bwana, kunena zoona..."

"Achimwene, ndakuitanani kudzatchula dzina, osati kudzalalikira. Ndikufuna munthu woti aziyang'anira makompyutawa mwezi ndi mwezi. Mukufuna kapena ndifunse wina?"

Mlamu anati akufuna. Musamuweruze msanga, njala ilibe m'bale. Ndiponso mumtima anadziuza kuti, shopu yotseka, munthu walowa ali kunja, ndiye amene anamanga netiweki ndi amene angadziwe khomo lakumbuyo. Kaya anasemphana chiyani ndi bwana, izo n'zawo.

Mmene amatseka chitseko n'kuti maminibasi atatha kalekale. Mlonda anamuuza kuti adzere kumtunda, kuli magetsi. Koma kumtunda n'kozungulira. Mlamu ndi njala yake anadzera chidule: kutsika kuseri kwa magalaja, kuwoloka mlatho, kenako kutsata mpanda wa manda mpaka kukatulukira kumsewu wakwawo.

Munthu akatopa amayankhula yekha. Mlamu anayamba.

"Kangaude, Kangaude... Munthu wanji womanga netiweki ngati khola la nkhuku lopanda chitseko? Akaunti imodzi shopu yonse! Anaphunzira kuti ameneyu? Amatiipitsira mbiri ndi anthu ngati amenewa. Mkazi wake achotsedwe kaya, si ine ndinawatuma."

Anatukwana kudutsa magalaja onse. Anatukwana kutsika mtsetse. Atangoponda pamlatho, foni m'thumba inanjenjemera.

Anaitulutsa. Yalumikizika ku wayifayi ya kushopu kuja.

Anaima. Shopu anaisiya kutali, kuseri kwa chitunda. Ndipo wayifayi imeneyo masana imalephera kufika ngakhale kuchimbudzi cha shopu yomweyo. Koma nayi apa, pamlatho, mumdima. Kamzere kamodzi.

Anapukuta sikirini ndi malaya.

Timizere tiwiri.

Achule amene amasokosa pansi pa mlatho anangoti zii.

Kumbuyo... tswa. Tswa. Tswa.

Titatu.

Mlamu anafulumira. Mapazi aja nawonso. Anayesa kuyatsa tochi ya foni. Yakana. Anayang'ananso pa sikirini...

Timizere tonse. Todzaza!

"Mphwanga. Ukuthamangira kuti? Tiyendere limodzi, ntchito yathu ndi imodzi."

Anali pambali pake penipeni. Munthu wamtali, jekete ya ntchito yotuwa, paphewa atakoleka mkombero wa chingwe cha buluu chija cha netiweki. Nkhope sinkaoneka bwino. Paliponse pamene mlamu amayang'ana, mdima umakhala ngati wafika kale.

"Ndakumva ukunditukwana kuyambira kumagalaja."

"Ine... akulu, ine ndimayimba nyimbo."

"Akaunti imodzi ndinapanga ine? Ine? Aliyense ndinamupangira yake, ndi pasiwedi yake. Anati mutu ukuwapweteka. Anati ya Kangaude ndiye yabwino, imatsegula paliponse."

Mlamu anati chamumtima: Ndiye uyu ndi mwamuna wa mayi uja! Wamva nkhani, wabwera kudzandidikirira panjira. Mlamu anafinya chikwama pachifuwa, akuwerengera mumtima ngati sikuludiraiva ingathandize munthu pa ndewu.

Anatsika mlatho. Mpanda wa manda unayamba kumanzere, wautali, woyera.

"Ndatopa, mphwanga. Ntchito ndinasiya kale, koma tsiku lopuma ndilibe. Kukangocha andidzutsa. Sindikiza ichi, Kangaude. Tumiza icho, Kangaude. Wina akufuna kuonera mpira, Kangaude. Wina akulembera chibwenzi, dzina langa! Ine, munthu wa banja langa!"

Kunazizira. Osati kuzizira kwa mphepo ayi. Kuja kwa m'firiji, kolowa m'mano.

"Lamulungu ndinati ndigoneko. Ayi. Andidzutsa dzuwa lili paliwombo, andisenzetsa mavidiyo a munthu akuvina. Katundu wolemera, wopanda nzeru. Malo atachepa, anditayitsa ntchito ya anthu ndi manja angawa. Lero akuti wataya ndi mayi a ana anga?"

Mawu omalizawo sanachokere pambali pokha. Anamveka kutsogolo. Kumbuyo. Kuseri kwa mpanda.

Mpamene mlamu anazindikira chinthu china. Anthu akuyenda awiri... koma mapazi akumveka ndi ake okha.



"Mawa ukatchule dzina langa pamutu pa mkazi wanga, uone. Kwanu ndikudziwako. Foni yakoyo yandilowetsa kale."

"Si... sinditchula, akulu."

"Chimene ndikupempha n'chimodzi. Unditseke. Usangosintha pasiwedi, adzalembanso pakapepala. Unditseke ndipume. Koma uyambe wasamutsa pulintala ndi kadisiki kaja. Zonse anazimangirira pa ine. Ukangondizula, shopu igwa, ana anga agona ndi njala."

Atayenda pang'ono, munthu uja anati:

"Ine ndakhotera pano."

Pano pati? Kumanja ngalande yodzaza madzi. Kumanzere mpanda, wopanda geti, pamwamba mabotolo osweka.

Mlamu anacheuka.

Palibe munthu.

Anayang'ana foni. Timizere tonse... balala!

Achule anayambiranso.

Liwiro, anzanga! Mlamu amene amadandaula bondo akamakwera masitepe a tchalitchi, usiku umenewo bondo linachira lokha. Anafika pakhomo lilime lili pachifuwa, akugogoda ngati wangongole. Mchemwali wanga potsegula anangomununkhiza.

"Mwamwa?"

"Ayi."

"Ndiye mwaona chiyani?"

"Mnzanga wa ntchito."

Atakhala pansi anayamba kudzilimbitsa mtima ndi nzeru za kusukulu. Pali karauta ka m'thumba kotulutsa wayifayi, munthu akhoza kukapatsa dzina la wayifayi ya kushopu kuti aopseze mnzake. Nsapato zina sizimveka poyenda. Ndipo munthu wozolowera kukwera madenga, kulumpha mpanda si nkhani. Zonse zinali ndi yankho. Komabe foni anaithimitsa, n'kuiika mumpoto, n'kuvundikira, pamwamba n'kusanjikapo mtondo.

Tulo sitinabwere. Mantha pambali, chimamuluma ndi mawu aja: mavidiyo a munthu akuvina. Komanso nkhope ya mayi uja akukonza mapepala okonzakonza kale.

Kusanache bwinobwino anali ali pashopu, wadzera kumtunda, kumagetsi. Mlonda anamutsegulira. Anayamba ndi ntchito imene aliyense wa makompyuta amaizemba chifukwa ndi yotopetsa ndipo palibe amakuthokoza: kupangira munthu aliyense akaunti yake. Anasamutsa pulintala. Anasamutsa kadisiki. Imelo ya shopu, kamera ya pakhomo, ngakhale kamakina kodindira matisheti, zonse zinali zitapachikidwa pa dzina limodzi ngati zovala za banja lonse pa msomali umodzi. Timapepala ta pansi pa makiyibodi anatimatula tonse. Kenako anayang'ana chimene dzulo sanavutike kuyang'ana: kodi n'chiyani chadzaza seva?

Anachipeza. Foda yatsopano, yonenepa ngati mwini wake, yolowa Lamulungu lomwelo. Dzina lake: ZOFUNIKA KWAMBIRI.

Antchito anafika. Bwana anawaimika onse kutsogolo, ndi makasitomala awiri omwe analawirira anaima pakhomo kumvetsera. Mayi wa pakauntala anabwera atanyamuliratu kajumbo, mkati kapu yawo ndi juzi imene imakhala pampando. Anali atadziweruza kale.

"Eya, a makompyuta, tiuzeni. Kompyuta yatchula ndani?"

"Yatchula Kangaude, bwana."

Mayi aja anatseka maso. Bwana anakoka mpweya kuti ayambe.

"Koma Kangaude ndi wosindikizayu, Kangaude ndi wojambulayu, Kangaude ndi mayiwa, Kangaude ndi inu. Ndiye ndinati tione katundu amene anakhala pamalo pa foda ija. Mwini katundu adziwika yekha."

Anadina. Sikirini yaikulu yoonetsera makasitomala zitsanzo inayaka.

Anzanga! Bwana paphwando. Malaya atuluka m'buluku, tayi wamanga kumutu, mimba ikupita kumanzere mwini wake akupita kumanja. Akutsika pansi pang'onopang'ono, anthu akukuwa, kenako akulephera kudzuka, anthu awiri akumukoka. Wojambula anayesa kubisa kuseka n'kutsamwa. Kasitomala wa ukwati uja anachita kugwira chitseko.

"Zimitsani! Zimitsani zimenezo!"

"Zinalowa kuchokera pa laputopu ya kunyumba, bwana. Pashopu pano ndani ali ndi laputopu yolowa mu seva ali kunyumba?"

"Chinthucho chinandiuza kuti malo adzaza! Ine ndinangochotsa zakalekale, ndimadziwa bwanji kuti..."

Bwana anadzigwira pakamwa, koma mbalame inali itauluka.

Kupepesa? Mukuganiza kuti anapepesa? Anangoti, "Nkhani yatha, aliyense pantchito. Mayi, kajumboko ikani pansi, makasitomala akudikira." Ndiye kwa mlamu, osamuyang'ana n'komwe: "Inu malizani zanuzo. Tidzakuimbirani." Mpaka lero akuimbabe.

Bwana atadzitsekera mu ofesi yake, mlamu anapita pakauntala. Mayi aja anali akubweza kapu pamalo pake.

"Mayi, akaunti yanu ndi iyi, mulembe pasiwedi yanuyanu, osauza munthu. Ya bambo akunyumba ndikuitseka tsopano. Mukawauze kuti uthenga wawo ndafikitsa. Koma chonde, asamadikirire anthu pamlatho usiku, enafe mitima ndi yobwereka."

Wojambula anasiya kuseka. Wosindikiza anaika pansi mpeni wodulira mapepala.

"Mwati munakumana ndi ndani, achimwene?"

"Amuna anu. Aatali, jekete yotuwa, chingwe cha buluu paphewa. Okwiya kwambiri, koma ntchito amaidziwa."

Mayi anavula magalasi. Anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Bambo a ana anga anamwalira wamng'onoyu asanayambe kuyenda. Pano ali kusukulu. Bwana anawaitana usiku kuti intaneti yavuta. Anakonza. Pobwerera galimoto inawagunda pamlatho pomwepo. Chingwecho tinachipeza chili paphewa."

Mlamu anagwira kauntala ndi manja onse awiri.

Wosindikiza ndi amene anawonjezera, motsitsa mawu: "Ndipo pamaliro analankhula ndi bwana yemweyu. Anati dzina la Kangaude silidzachoka pashopu pano."

Imvani zimenezo! Munthu anafera ntchito yanu. Mwamuika m'manda, mwabwerako, mwasamba m'manja, m'mawa mwake mwalowa mu kompyuta ndi dzina lake chifukwa kuloweza pasiwedi yanu kukukupwetekani mutu. Zaka zonsezo malemu akusindikiza makadi, malemu akuonera mpira, malemu akufunsira akazi. Ndiye tsiku limene mwalakwitsa nokha, mukutenga dzina la malemu lomwelo kukhala chikwapu chothamangitsira mkazi wake wamasiye! Bwana ameneyu pa foni paja ankadziwa bwinobwino kuti akunena munthu wa kumanda. Ankangofuna mlendo wosadziwa kanthu kuti adzatchule dzinalo m'malo mwake. Ine ndikanakhala mzimu umenewo, sindikanadikira wa makompyuta pamlatho ayi. Ndikanapita kukakhala pampando wakutsogolo wa galimoto ya bwanayo.

Mlamu anatembenuzira sikirini kwa mayi aja. Panali dzina la Kangaude, pansi pake funso loti akauntiyi itsekedwe kapena ayi.

"Mayi, ine dzanja langa silingathe. Koma ngati simukufuna, tikhoza kuisiya."

Mayi aja anayang'ana dzinalo.

"M'mawa uliwonse ndimalilemba ndi zala zangazi," anatero. "Mumtima ndimati ndikuwapatsa moni. Sindimadziwa kuti ndikuwadzutsa."

Anapukuta magalasi ndi nsonga ya juzi, n'kuvalanso. Anagwira mausi.

"Gonani, bambo ake. Pakauntala ndilipo ine."

Anadina.

Palibe chinagwa. Pulintala inapitiriza kulira, makadi a ukwati uja akutuluka amodziamodzi. Kasitomala anasendera pafupi, mayi analemba dzina lawolawo pa kiyibodi, n'kufunsa kuti, "Tikuthandizeni chiyani?"

Tsopano inu. Musanayankhe, tembenuzani kiyibodi yanuyo muone pansi. Dzina limene mwalowera lero ndi la ndani? Mwini wake munamuonapo ndi maso? Funsani amene anakhalitsa pamenepo kuti anapita kuti. Ndiye mundilembere m'munsimu zimene mwapeza, ndi za kuntchito kwanu zimene zimaposa izi. Amene muli ndi bwana ngati uyu, musamutchule dzina, mungofotokoza mmene amavinira, timudziwa tokha.